DISO LA MMISIRI PA NCHITO YACE

Werengani Eksodo 31:1-11 ndi Aroma 12:3-8.

M'midzi mwathu muli amisiri ambiri: akazi oumba mbiya, amuna osema mitondo ndi oluka mphasa, ndi anyamata opeka nyimbo za m'nyumba ya Mulungu. Luso lotere licokera kwa Mulungu, amene anadzaza Bezaleli ndi nzeru za kusema ndi kusula pomanga cihema. Koma kodi mmisiri akhoza kuyesa yekha luso lace molungama? Ife titi sakhoza, pakuti munthu asocera pa njira ziwiri.

Njira yoyamba ndiyo kudzikuza. Nebukadinezara anayang'ana mudzi wa Babulo, nayesa kuti anaumanga ndi mphamvu yace. Mau ali m'kamwa, ufumu unamcokera. Nthenda yomweyi iri mwa ife. M'caka ca 1999 Justin Kruger ndi David Dunning, a pa sukulu yaikuru ya Cornell ku America, anayesa ophunzira pa kuzindikira nthabwala zokoma, pa kulingalira, ndi pa malamulo a cinenero. Amene analephera koposa anapambana anzao 12 okha mwa 100, koma mumtima anayesa kuti apambana 62. Cifukwa cace nci: nzeru yocitira cinthu bwino ndiyonso yoonera kuti caipa. Wosadziwa kuumba sadziwanso kuti mbiya yace yapendekeka.

Njira yaciwiri ndiyo kudzipeputsa, kumene ambiri akuyesa kufatsa. Mose anakana utumiki pa citsamba coyaka moto, nati lilime lace nlolemera, ndipo Mulungu anampsera mtima; koma ndi Mose yemweyo amene pambuyo pace analankhula kwa Aisrayeli onse mau amene tiwawerenga m'Deuteronomo. Momwemonso pa mayeso a ku Cornell aja, ocita bwino koposa anadziika pansi pa muyeso wao weniweni. Ndipo mlembi wina wa ku Prague, Franz Kafka, amene anamwalira m'caka ca 1924, anasiya mau kwa bwenzi lace Max Brod kuti atenthe zolemba zace zosasindikizidwa. Brod sanatenthe, nazisindikiza. Lero ziwerengedwa m'zinenero zambiri.

Nanga ticite ciani? Mbiya siyamikidwa ndi mau a woumba. Iyamba yapita pamoto, ndipo wogula aigogoda ndi cala kuti amve ngati iri ndi mng'alu. M'caka ca 2016 Justin Berg anafufuza anthu opeka masewera odabwitsa oonetsa khamu, monga kuyenda pa cingwe. Anapeza kuti amisiriwo anadziwa bwino masewera a anzao amene khamu lidzawakonda, koposa akapitao ao; koma poyesa masewera ao a iwo eni, anawakweza koposa muyeso. Tsono diso labwino pa nchito yanu liri kwa mmisiri mnzanu. Akulu anati, mutu umodzi susenza denga.

Inu mwapeka nyimbo, musathamangire nayo ku msonkhano. Yambani mwaiyimba pamaso pa oyimba akale, ndipo akakuuzani kuti mau apo sagwirizana ndi maimbidwe, musakwiye. Inu mubisa luso lanu cifukwa ca manyazi, kumbukirani kapolo uja anakwirira talente pansi. Mbuye wace sanamcha wofatsa, koma waulesi. Ndi inu mufunsidwa kuyesa nchito ya mbale wanu, nenani zoona mwacikondi, pakuti kumsyasyalika ndiko kumsiya agwe m'dzenje mukuliona.

Mtumwi Paulo yemwe, polembera Akorinto, anakana kudziweruza yekha, nasiyira Ambuye mlandu wa utumiki wace. Ifenso tigwire nchito ndi mtima wonse, timvere abale potilangiza, ndi kusiyira ciyamiko Iye amene anatipatsa manja awa. Ambuye atipatse kudziyesa koyenera. Amen.