Magazi Akachepa, Funsani Pomwe Akutayikira

Ana anga, nkhani ya lero ndi ya kuchimbudzi, ndipo musayang'ane pansi. Ndinu amene mumaperekeza akuluakulu kuchipatala, ndinunso amene mumagona pakhonde la wodi kudikirira matenda. Choncho muyenera kudziwa choyankha dokotala akanena kuti, "Bambo anuwa magazi achepa."

Muzifunsa mwaulemu kuti, "Nanga akutayikira pati, adokotala?" Mayi woyembekezera kapena amene amataya magazi ambiri akamasamba, chifukwa chake sichivuta kupeza. Mwana wodwala malungo chimodzimodzi. Koma bambo wamkulu, kapena mayi amene analeka kusamba kalekale, zikhatho zikayera mbee, akakwera kamtunda pang'ono mtima n'kumathamanga, pamenepo kayikirani m'mimba. Achipatala akayeza Hb, yomwe imasonyeza kuchuluka kwa magazi, n'kupeza kuti yatsika pansi pa 13 kwa bambo, kapena pansi pa 12 kwa mayi, amapereka mapiritsi a ayironi, zikavuta amamuika magazi. Zonsezo n'zabwino, koma n'kuthira madzi m'chidebe chobooka. Wodwala amatuluka akuyenda yekha, abale n'kusangalala, pakatha miyezi itatu wabwereranso atatuwa. Apa ndi pamene pamudzi pamayambira manong'onong'o a ufiti, ena n'kukumbukira za anamapopa zija zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi madera oyandikana nawo mu 2017. Magazi a munthuyo palibe wawapopa. Akutuluka pang'onopang'ono tsiku lililonse, n'kumagwera m'dzenje la chimbudzi momwe palibe amene amasuzumiramo.

Vuto lathu ndi dzenje lomwelo. Chagwamo chapita. Ndiye wodwala wotere mum'patse chikho chakale kapena pepala lapulasitiki, achitirepo kamodzi, muone ndi maso masana. Chimbudzi chikakhala chakuda bii, chonanda, chomata, cha fungo loti simunalimvepo, amenewo ndi magazi ochokera kumtunda, kummero kapena m'chifu, amene agayika m'njira. Magazi ofiira piriwiri opaka pamwamba pa chimbudzi nthawi zambiri amachokera pafupi ndi kotulukira, mwina ndi mudzi chabe. Osakanikirana ndi chimbudzicho amachokera m'kati mwa matumbo aakulu, ndipo kwa munthu wopitirira zaka 50 musafulumire kunena kuti ndi kamwazi, chifukwa khansa ya m'matumbo imayambanso choncho. Dziwaninso kuti mapiritsi a ayironi amadetsa chimbudzi, kungoti sichimata ndipo sichinunkha motero. Nthawi zina chimbudzi chimaoneka bwinobwino koma magazi alimo, amangopezeka akachiyeza ku labu. Akakupatsani kabotolo, musakataye kuseri kwa chipatala chifukwa cha manyazi.

Tsono pofika kwa dokotala muzinena zonse. Agogo anu akamva msana kapena mawondo amatuma mwana kugolosale kukagula brufen, indocid kapena asipirini, n'kumamwa m'mawa ndi madzulo m'mimba mulibe kanthu, chaka n'chaka. Mankhwala amenewa amadya khungu la m'kati mwa chifu mpaka kuboola kamtsempha. Dokotala akafunsa ngati akumwa mankhwala ena, iwo amakana, poti kwa iwo mankhwala ndi okhawo olembedwa m'buku la kuchipatala. Inuyo tolerani timapaketi tonse tili pansi pa pilo, mukatiike patebulo la dokotala. Ngati amamwa kachasu, nenani. Ngati amamwa zitsamba, nenaninso. Koma asipirini amene anawalembera chifukwa cha mtima musawaletse nokha.

Zilonda za m'mimba anthu amati zimadza ndi maganizo ndi tsabola. Madokotala awiri a ku Perth, ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anapeza mu 1982 kuti zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori. Anzawo sanawakhulupirire, mpaka Marshall anamwa dala tizilomboto n'kudwala nato, ndipo mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Ndiye munthu asathe zaka akungodya phala ndi kumwa mkaka, pamene mankhwala a masabata awiri angathe kupha kachilomboko.

Kwathu kuno kulinso mdani wina amene ndikufuna mumudziwe bwino, likodzo la m'matumbo. Mwana amalitenga posambira m'mitsinje, m'madambo, m'minda ya mpunga ndi m'mbali mwa nyanja. Likodzo limeneli silikodzetsa magazi ngati linzake la m'chikhodzodzo, choncho palibe amene amalizindikira. Mazira ake amakaunjikana m'chiwindi, njira za magazi m'menemo n'kuuma. Magazi akasowa podutsa amabwerera m'mbuyo, kapamba amatupa, mitsempha ya kumunsi kwa mmero imafufuma. Tsiku lina munthu wazaka 30, amene sanalawepo mowa, amangosanza magazi odzaza beseni. Zikatero musayambe ndi kufulula mankhwala kapena kudikira kuti kuche. Pezani galimoto usiku womwewo, ndipo abale amene angathe kupereka magazi akwere nawo. Komanso mankhwala a likodzo a praziquantel akamagawidwa kusukulu, ana amwe, asathawire kutchire.

Poti maso saona m'mimba, madokotala amalowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera ndi getsi kunsonga. Kapaipika kamadzera pakamwa, kuona mmero, chifu ndi poyambira matumbo aang'ono. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zimachita zimenezi, ndipo akapeza mitsempha yofufuma ija amaimanga pomwepo ndi timalabala. Wodwala asadye kanthu kwa maola osachepera 6. Musamubisire kaphala pomumvera chisoni, mungamubwezetse ulendo wonse. Kumtunda kukapanda kuoneka kanthu, amadzera kumunsi kukaona matumbo aakulu, atam'mwetsa dzulo lake mankhwala otsegula m'mimba. Pamenepa ndi pomwe abambo ambiri amakanira, ati ine mwana wamng'ono asandione kumeneko. Auzeni mofatsa kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nthawi zina konse kuwiri amapeza kuli bwino, koma magazi akuchepabe. Musapse mtima n'kunena kuti achipatala alephera. Pakati pa chifu ndi matumbo aakulu pali matumbo aang'ono, otalika pafupifupi mamita 6, opindikapindika, ndipo timapaipi tija sitifika m'kati mwake. Mwa odwala 100 otaya magazi m'mimba, pafupifupi 5 gwero lake limakhala m'menemo: timitsempha tosalimba mwa okalamba, tizilonda ta mankhwala aja, chotupa, kapena njoka zam'mimba zoyamwa magazi zimene zimalowera kuphazi munthu akamayenda wopanda nsapato. Kuyambira 2001 kuli kakamera koti munthu amameza ngati kapisozi, kamajambula zithunzi zikwizikwi kwa maola pafupifupi 8 n'kutuluka ndi chimbudzi, koma n'kodula ndipo sikapezeka paliponse. Chomwe chili m'manja mwanu n'kubwereranso. Kachilonda kamene kanabisala tsiku loyamba kangathe kuoneka akalowetsanso kapaipi kachiwiri, makamaka pamene magazi angoyambiranso kutuluka. Sungani buku la kuchipatala lomwelo, musagule lina, kuti dokotala aone mmene Hb yakhala ikutsikira mwezi ndi mwezi, ndipo pepala la zotsatira za kamera mulimatire m'kati mwake.