Kudikira Pamene Vuto Silinadziwike

Mawu owerenga: Yohane 11:1-44, 1 Samueli 13:5-14, Luka 18:1-8

Mwezi uno tilingalire za kudikira. Chitsanzo chathu tichitenga pa chinthu chimene ambiri timati ndi nkhani ya abambo: galimoto imene yayamba phokoso lachilendo ndipo yatumizidwa kwa eni ake a kampani yogulitsa magalimoto kuti akaipime ndi kuikonza.

Kuno kwa Kapichi ndi mabanja owerengeka amene ali ndi galimoto, koma tonse timadalira galimoto. Pali minibasi yotitengera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe, pikiapu yonyamula katundu kupita kumsika wa Luchenza, ambulansi yothamangitsa mayi woyembekezera kuchipatala cha boma ku Thyolo, ndiponso galimoto ya mpingo. Imodzi mwa izi ikakhala kugalaja ku Blantyre sabata ziwiri kapena zitatu, banja la dalaivala limachepetsa ndiwo, ngongole ya kubanki m'khonde imadikira, ndipo bambo wansembe amalephera kufikira odwala akutali ndi Ukaristia. Ndiye nkhani imeneyi ndi yathunso amayi.

Chifukwa chiyani kugalaja amachedwa?

Tisanaweruze, tiyambe tamvetsa ntchito yawo. Phokoso limangouza makaniko kuti pali vuto, osati pamene vutolo lili. Kulira kosongoka popondetsa buleki kawirikawiri kumasonyeza kuti mapadi a mabuleki atha. Kulira kwa "kha kha kha" pokhota kumaloza ku CV joint. Kung'ung'udza kumene kumakula galimoto ikamathamanga kumachokera kubelingi ya teyala. Kulira kwa "tswii" poliza injini m'mawa nthawi zambiri ndi lamba wa injini amene wakhwepa kapena kutha. Kugogoda kwa pansi podutsa m'maenje kungachokere kumashoko, kumabushi kapena kumfundo zina za miyendo ya galimoto, ndipo zonsezi zimalira mofanana. Chovuta china n'chakuti galimoto imene imagogoda pa msewu wafumbi wa ku Khonjeni imatha kukhala chete pa phula la m'tauni. Makaniko ayenera kuiyendetsa, kuikweza, kumasula apa ndi apo mpaka alimve yekha phokosolo.

Vuto likapezeka, pamayamba kudikira kwachiwiri. Magalimoto ambiri m'dziko muno ndi ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, ndipo masipeya ake amaitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya masipeya inakwera. Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anawononganso misewu ndi milatho yambiri kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo msewu woipa umadya miyendo ya galimoto. Choncho kuchedwa kwina kuli ndi chifukwa chomveka. Kwina ndi kusasamala kwa anthu. Mkhristu wanzeru ayenera kusiyanitsa ziwirizi, ndipo Malemba atiphunzitsa zinthu zitatu.

Choyamba: tumizani uthenga msanga

Lazaro atadwala ku Betaniya, Marita ndi Mariya sanabise. Anatumiza uthenga kwa Yesu mlongo wawo akadali moyo, ndipo ananena vuto monga linalili. Ife nthawi zambiri timachita zosiyana. Dalaivala akamva kugogoda amakweza wailesi. Mapadi amene akanasinthidwa ndi ndalama zochepa amatha mpaka chitsulo kudya chitsulo, ndipo mtengo umakwera kangapo. Choopsa koposa ndi miyoyo ya anthu pa zitunda ndi makona a ku Thyolo. Mukamva kugogoda m'kati mwa injini nyali ya oilo itayaka, kapena mabuleki akafewa, galimoto imeneyo iime pomwepo. Mayi amene wakwera ali ndi ufulu wonena, ngakhale kondakitala amuseke.

Pokapereka galimoto, fotokozani bwino: phokoso linayamba liti, limamveka kutsogolo kapena kumbuyo, pokhota kapena pa buleki, injini itatentha kapena itazizira, galimoto itasenza kapena ili yopanda kanthu. Ngati inagwera m'dzenje kapena inakonzedwapo kwina, nenani. Wobisira wopima amadzitalikitsira yekha masiku odikira.

Amayi, m'nyumba zathu mulinso maphokoso otere. Mwana amene anali wosangalala wayamba kudzipatula. Bambo akubwera usiku malipiro a kuesiteti atatha. M'thupi mwathu muli kupweteka kapena kutaya magazi kosadziwika bwino, koma tikuchita manyazi kupita kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Makolo anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tiuze Ambuye m'pemphero, ndipo tiuzenso amene Mulungu anawapatsa luso: namwino, dokotala, ankhoswe, wansembe.

Chachiwiri: musalande ntchito m'manja mwa wopima

Mfumu Sauli anadikira Samueli ku Giligala masiku 7. Afilisti anali atasonkhana ku Mikimasi, ndipo anthu ake anayamba kumuthawa. Mantha atamugwira, anapereka yekha nsembe imene sinali yake kupereka. Atangomaliza, Samueli anafika, ndipo Sauli anauzidwa kuti ufumu wake sudzakhalitsa. Anapirira sabata yonse, n'kulephera pa maola otsiriza.

Yesero lomweli limabwera galimoto ikakhala kugalaja. Anzathu amati kaitengeni, pali wina amene aimaliza lero lomwe. Tisanyoze amakaniko a m'misika yathu, pakuti ambiri ndi aluso ndi okhulupirika ndipo amatithandiza tsiku ndi tsiku. Koma kusintha sipeya mongoganizira, vuto lisanapezeke, n'kutaya ndalama: lero belingi, mawa shoko, phokoso likadalipo. Komanso ngati galimoto ikadali pa waranti, kuimasulitsa kwina kungathe kuthetsa pangano loikonza mwaulere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa moyo wauzimu ndi chimodzimodzi. Yankho likachedwa, ena amathamangira kwa sing'anga, ena kwa mneneri wolipiritsa, ena kukatapira amene adzawalanda munda. Odwala ena amasiya mankhwala a kuchipatala pakati chifukwa sakuona kusintha msanga. Ife a m'dera la tiyi tikudziwa kuti mbande ya tiyi siitcholedwa chaka chimene yabzalidwa. Pamapita zaka mlimi akupalira ndi kudulira, kenaka tchire lomwelo limadyetsa ana ndi zidzukulu.

Chachitatu: kudikira si kukhala chete

Pano tisamale, amayi. Galaja si Mulungu. Anthu amaiwala, amalakwitsa, ndipo ena amaika patsogolo galimoto za olemera. Yesu anafotokoza fanizo la mkazi wamasiye amene ankabwerabwera kwa woweruza wosasamala mpaka mlandu wake unamveka. Anafotokoza fanizoli kuti tizipemphera kosatopa, koma taonani kuti chitsanzo cha khama anachitenga kwa mayi wosauka wodziwa ufulu wake.

Choncho funsani mwaulemu koma molimba mtima. Pemphani pepala losonyeza kuti galimoto yalandiridwa ndi zimene mwadandaula. Funsani tsiku limene adzakuuzeni zimene apeza. Asayambe kukonza musanaone mtengo wolembedwa ndi kuvomera. Ngati akudikira sipeya, funsani kumene ikuchokera ndi nthawi imene ifike. Potenga galimoto, pemphani kuona zitsulo zakale zimene achotsa, ndipo iyendetsedwe inu mulipo kuti mumve ngati phokoso latha. Ngati galimotoyo ndi ya mpingo, malisiti onse aperekedwe kukomiti, pakuti ndalamazo ndi zopereka za akhristu. Safunsa anadya phula.

Marita nayenso sanakhale chete. Yesu atamva uthenga anakhalabe kumene anali masiku ena awiri, ndipo pofika Lazaro anali atakhala m'manda masiku anayi. Marita anatuluka kukakumana naye panjira, namuuza poyera kuwawa kwa mtima wake chifukwa cha kuchedwako, koma sanataye chikhulupiriro. Yesu sanamudzudzule. Analira pamodzi ndi olira, kenaka anaukitsa Lazaro. Kusiyana kwake ndi uku: anthu akachedwa mwina aiwala, koma Ambuye amadziwa vuto lathu tisanalinene. Tingathe kumufunsa, kumulirira, ndi kumudandaulira, ndipo Iye sakhumudwa nafe.

Pamene tikudikira, tigwirane manja. Ngati minibasi ya m'banja la mnzathu yaima, timuyendere ndi kambale ka ufa. Ngati galimoto ya mpingo palibe, ife amene tili pafupi ndi odwala tiwayendere wapansi, tipemphere nawo mpaka bambo wansembe adzafike.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndi phokoso liti m'banja, m'thupi kapena mumpingo mwathu limene takhala tikulinyalanyaza?
2. Ndi njira ziti zachidule zimene zimatikopa yankho likachedwa?
3. Ndani pakati pathu amene akudikira yankho mwezi uno, ndipo timuthandiza bwanji?

Pemphero

Mulungu Atate wathu, Inu mudziwa zobisika zonse. Tipatseni makutu akumva chenjezo, mtima wodekha podikira, ndi pakamwa polimba pofunsa zoyenera. Dalitsani amakaniko, madalaivala ndi onse ogwira ntchito m'magalaja, kuti agwire ntchito yawo mokhulupirika. Sungani onse oyenda m'misewu yathu, ndipo kumbukirani mabanja amene chakudya chawo chaima pamodzi ndi galimoto. Tipempha izi mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.