Kalabala ka ku Avondale

Padangokhala mnyamata wina ku Avondale, kufupi ndi Chelstone, m'mbali mwa msewu wa Great East. Anasunga ndalama zaka zitatu, n'kuitanitsa galimoto ku Japan. Inatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowera ku Nakonde, ndipo tsiku limene inafika ana a mumsewu wonse anathamangira pageti. Inali Toyota MR2 yofiira, ya mtundu umene anaupanga kuyambira 1989 mpaka 1999, yaifupi ngati kamba, ya mipando iwiri yokha. Ana atapempha kuona injini, mnyamatayo anatsegula boneti, iwo n'kupezamo tayala la sipeya. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako anawatengera kumbuyo kwa mipando, n'kuwaonetsa kumene injiniyo imakhala.

Kuseri kwa nyumbayo, m'kachipinda ka antchito, kunkakhala amalume ake. Anali makanika wa mabasi a UBZ kufikira kampaniyo itatsekedwa mu 1995, ndipo zikhadabo zawo zinali zisanayerebe. Mnyamatayo sanawakwezepo m'galimotoyo. Ankati mpando wachiwiri uli ndi mwini wake, mtsikana wina wa ku Woodlands.

Loweruka lililonse ankaitsuka, kuipaka polishi, mpaka munthu n'kumadziona nkhope pachitseko. Tsiku lina amalume anawerama pa tayala lakumbuyo, n'kulowetsa chala mkati mwa limu. Chinatuluka chakuda bii.

"Mwanawe, labala ya CV joint yang'ambika. Girizi uyu akumwazika tayala likamazungulira."

"Ndiye kalabala kokha, amalume?"

"Kalabala kokha. Koma galimoto yako imakankhidwa ndi matayala akumbuyo. Mphamvu yonse ya injini imadutsa pa shafti iyi, ndipo joint ndiyo imalola shafti kuzungulira tayala likukwera ndi kutsika. Girizi akatuluka, mchenga ulowa. Tiitsegule mawa, tiitsuke bwinobwino."

Mnyamatayo anati mabasi ndi nkhani ina, iyi ndi galimoto yothamanga. Anali ndi foni yake ndi YouTube, ndipo ukwati wa mnzake ku Kabulonga unali mawa lakelo masana.

M'mawa anapita m'tauni kukagula labala yatsopano. Kunena zoona, manja anali nawo, tisamunamizire. Anachotsa kapini, n'kumasula nati yaikulu ya pakati pa tayala galimoto idakali pansi, monga mmene kanema ananenera. Anaikweza ndi jeke, n'kuisanjikira njerwa. Apo amalume sanapirire: anatulutsa zitsulo zawo ziwiri zochirikizira, n'kuziika pansi pake osalankhula, chifukwa njerwa imasweka osachenjeza munthu. Posolola shafti, mafuta a giyabokosi anamukhuthukira m'khwapa, ananunkha ngati mazira oola. Dzuwa linali litakwera.

Atadula labala yakale anaona girizi wotuwa, wokhakhala akamufikisa ndi zala. Kanemayo ankati zonse zituluke, zitsukidwe. Anayang'ana wotchi. Anangopukuta pamwamba ndi kansalu, n'kufinyira girizi watsopano pa wakale uja, n'kuveka labala. Kalamba kachitsulo komangira kanafuna pulayala yake yapadera, imene analibe. Amalume anali nayo m'bokosi, koma kukapempha kunamulemera. Anamanga ndi waya wa pa mpanda.

"Watsuka?" anafunsa amalume ali pa mpando wawo wandalema pansi pa mtengo wa mango.

"Zatheka, amalume."

"Safunsa anadya phula," anatero okalambawo, n'kubwerera ku wailesi yawo.

Ku ukwati galimoto inakongola kuposa mkwati. Anthu anajambulitsa nayo, ndipo mnyamatayo anauza aliyense kuti waikonza yekha pakhomo, m'mawa umodzi. Sabata zinapita, palibe chinachitika, iye n'kumayang'ana amalume ndi diso la kuti mwaona nanga. Choipa cha ntchito yachinyengo n'chimenechi, imayamba yakukomera.

Mvula inagwa mu Disembala. Madzi anadzaza maenje a m'misewu, matope ofiira n'kumatira pansi pa galimoto. Waya uja anadya labala pang'onopang'ono mpaka kuidula, ndipo mchenga watsopano unapeza unzake uli kale mkati. Kunayamba kumveka "go, go, go" akaponda mafuta. Iye anakweza nyimbo.

Madzulo ena mu Januwale, ali ndi mtsikana wa ku Woodlands uja pa msewu wa Alick Nkhata pafupi ndi Kalingalinga, kumbuyo kunamveka "phwa!" Injini inalira bwinobwino, giya inalowa, koma galimoto inangoima. Shafti imodzi ikaduka, mphamvu yonse imathawira mbali yothyokayo. Maminibasi anaimba mahutala, makondakitala akumufunsa ngati ndegeyo yatha mafuta. Mtsikanayo anatsika, n'kukwera imodzi mwa maminibasi omwewo.

Anaimbira amalume. Anafika kutada, ndi kalole ka mnzawo ndi chingwe, atavala jasi la mvula. Sananene kanthu njira yonse.

M'mawa anasolola shafti ija n'kuiika pa thumba la simenti. Kachitsulo kogwira timipira kanali katasweka patatu, njira za timipirato zitakumbika ngati msewu wa kukomboni.

"Iyi yafa," anatero amalume. "Labala inali ya ndalama ya nkhomaliro. Shafti ya galimoto yotere sudzaitola pa shelefu m'tauni muno. Toyota inasiya kupanga MR2 mu 2007. Uitanitsa kunja, udikire."

Mnyamatayo anakhala pa njerwa zija, mutu uli pansi.

"Amalume, mbali inayi nayonso labala yake yayamba ming'alu. Mungandionetse?"

Okalambawo analowa m'kachipinda kawo, n'kutuluka ndi bokosi la zitsulo, beseni lakale ndi botolo la parafini. Anamuuza alembe kachizindikiro pa shafti ndi pa joint kuti zidzabwerere mmene zinalili. Anamuonetsa kupendeketsa kachitsulo ka mkati mpaka kampira koyamba katatuluka, kenako kena, mpaka tonse tisanu ndi kamodzi tili m'beseni. Pambali anaika pulayala ija, ndi timalamba tiwiri tatsopano.

Mnyamatayo anatola kampira kamodzi, n'kukatsuka, n'kukapukuta, n'kukapereka. Amalume anakagudubuza pakati pa zala, maso ali otseka, n'kukabweza m'parafini.

"Mchenga ulipobe. Bwereza."

Anabwereza kawiri. Kachitatu amalume anakaika pa nsalu yoyera.

"Kamodzi aka. Kwatsala tisanu."

Foni inalira m'thumba mwake. Anaisiya ilire, n'kupisa dzanja m'beseni.