Kodi Mudzi Ungamangidwe ndi Pulani?

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, mabanja ambiri mumzinda wa London analibe pogona poti mabomba anali atagumula nyumba zawo. Mu 1946 boma la Britain linakhazikitsa lamulo lomanga matauni atsopano, ndipo chaka chotsatira linasankha Harlow, m'chigawo cha Essex, kuti mudzakhale anthu 60,000. Katswiri wa zomangamanga, Frederick Gibberd, anagawa tauniyo m'madera ang'onoang'ono olekanitsidwa ndi madambo ndi nkhalango zomwe anazisiya dala. Dera loyamba linali Mark Hall. Sukulu inali pamtunda woyenda pansi, masitolo a The Stow anali pafupi, ndipo mu 1951 anamaliza The Lawn, nyumba yosanjikizana kakhumi yomwe anaiimika pakati pa mitengo yakale osaidula.

Omangawo ankakhulupirira kuti anthu akamakumana tsiku ndi tsiku panjira ya kusukulu ndi kumasitolo, adzasanduka mudzi. Funso lagona pomwepa: kodi chinansi chingajambulidwe papepala monga ajambulira msewu?

Mbiri ya Harlow ikuyankha mbali ziwiri. Obwerawo ambiri anali mabanja achinyamata, ndipo makanda anachuluka mpaka tauniyo inapatsidwa dzina loti Pram Town. Koma agogo ndi azakhali anatsala ku London. Mayi wachikuta anali ndi bafa m'nyumba ndi kadimba kuseri, koma womulandira mwana panalibe. Kusungulumwa kotereku kunadziwika m'matauni atsopanowa ndi dzina loti new town blues. Komanso nyumba zinkapatsidwa makamaka kwa amene apeza ntchito m'mafakitale a m'tauniyo, kotero osaukitsitsa ambiri sanafikeko. Pulani inasankha oyandikana, koma sinathe kuwapatsa maliro olirira limodzi kapena ana okulira bwalo limodzi. Zimenezo zinadza ndi zaka.

Wina anganene kuti ngati zili choncho, pulani n'njachabe. Zomwe zinachitika pambuyo pake zikutsutsa. Bungwe lomwe linamanga Harlow linathetsedwa mu 1980. Patapita zaka, maofesi ena monga Terminus House anasandutsidwa timanyumba topanikiza, ndipo makhonsolo ena anatumizako mabanja osowa pokhala, kutali ndi abale awo. Amenewa anapatsidwa denga popanda wowaganizira za bwalo losewerera ana. Anthu a ku Mark Hall anasungulumwa poyamba, komabe anali ndi malo oti ubale umerepo, pomwe awa anamanidwa ngakhale malowo.

Akuluakulu amati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Wojambula pulani sangalamule munthu kuzimira mnzake, koma m'manja mwake muli mphamvu yoika nyumba moti wina aone utsi wa mnzake. Udindo wake uthera pamenepo, ndipo boma lomwe laulephera lisamadzudzule anthu kuti alibe umunthu.