Kodi Chobwera Mwamwayi Mwini Wake Ndani?

Pali mawu awiri amene sachoka pakamwa pa anthu: mwayi ndi tsoka. Munthu akakolola dzinthu zambiri, anansi ake amati, "Ameneyu ngwamwayi." Akalephera, mwini wakeyo amati, "Linali tsoka langa." Motero tizolowera kulankhula monga ngati zinthu zimangotigwera, ife osachitapo kanthu. Tsono funso limene tifuna kulingalira ndi ili: chinthu chikachitika popanda munthu kuchisankha, ayenera kutamandidwa ndani, ndipo ayenera kudzudzulidwa ndani? Kuti tiliyankhe bwino, tiyeni tipite kutali, kwa amisiri ena amene anaitana mwayi dala kuti ulowe m'ntchito zawo.

Nyimbo yopanda kuyimba

Pa 29 Ogasiti 1952, ku Woodstock, m'chigawo cha New York ku America, anthu anasonkhana m'nyumba yamatabwa ya m'nkhalango kudzamva nyimbo. Katswiri wina woyimba piyano, dzina lake David Tudor, anafika nakhala pampando, natseka chivundikiro cha piyanoyo, nayamba kuyang'ana wotchi. Anatseka ndi kutsekula chivundikirocho katatu, koma sanayimbe kanthu. Zitatha mphindi 4 ndi masekondi 33 anaimirira, ndipo nyimbo inathera pomwepo. Dzina lake ndi nthawi yomweyo, 4'33", ndipo anaipeka ndi John Cage, amene anabadwa mu 1912 namwalira mu 1992.

Anthu ambiri anakwiya, pakuti anayesa kuti awanyenga. Koma Cage pofotokoza pambuyo pake anati m'nyumbamo munalibe chete. M'gawo loyamba munamveka mphepo ya kunja, m'gawo lachiwiri madontho a mvula padenga, ndipo m'gawo lachitatu anthu eni ake akung'ung'udza, ena akutuluka. Zimenezi ndizo zinali nyimbo. Palibe amene anazisankha, ndipo sizidzamvekanso chimodzimodzi.

Kupeka ndi maere

Chaka cha 1951 Cage anali atapeka kale nyimbo ina ya piyano yotchedwa Music of Changes. Poipeka anagwiritsa ntchito buku lakale la ku China lotchedwa I Ching, limene eni ake amaombezera. Munthu amaponya makobidi atatu kasanu ndi kamodzi, ndipo kagwedwe kake kamaloza chimodzi mwa zizindikiro 64. Cage sanafune kudziwa zam'tsogolo ayi. Iye anakonza mindandanda ya mawu a piyano, ya utali wake, ya kukweza ndi kutsitsa kwake, ndiponso ya liwiro lake. Tsono makobidi ndiwo anali kusankha chotenga pamndandanda uliwonse.

Anachitiranji zimenezi? Anaona kuti munthu akamasankha yekha amangobwereza zimene amakonda, monga woyenda amene phazi lake lizolowera njira imodzi yopita kuchitsime. Anafuna kumva zimene mtima wake sukanaganiza. Paja akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kwa Cage mlendoyo anali mwayi.

Kodi si ulesi umenewu?

Wina adzati, "Umenewu ndi ulesi. Ngati makobidi ndiwo asankha, luso la munthu lili pati?" Funso ili n'loyenera, ndipo tisalinyoze. Koma taganizani za msodzi wotchera mono. Iye sasankha nsomba imene idzalowe, ndipo sadziwa ngati idzalowa usiku kapena m'mawa. Komabe ndiye amadula nsungwi, naluka monowo, nayesa kukula kwa khomo lake, nasankha pamene madzi ayenda bwino. Nsomba ikalowa, palibe amene amati msodziyo sanagwire ntchito. Chomwechonso Cage anatha miyezi yambiri akuponya makobidi ndi kulemba mosamala chilichonse chimene chinatuluka. Anasiya kusankha mayankho, koma sanasiye kusankha mafunso.

Limba loyimbidwa ndi nyanja

Chitsanzo chooneka bwino koposa chili mumzinda wa Zadar, m'dziko la Croatia, m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic. Kumeneko mmisiri wolemba mapulani a nyumba, Nikola Bašić, anakonza masitepe amiyala otsikira m'madzi, otalika pafupifupi mamita 70 m'mbali mwa gombe. Pansi pa masitepewo anaikapo mipope 35 yosiyana utali ndi kukula. Funde likafika limakankha mpweya m'mipopemo, ndipo mpweyawo potuluka umalira monga limba la m'tchalitchi. Malowa anatsegulidwa mu 2005.

Palibe munthu amene amayimba limba limeneli. Nyanja ikakhala bata limalira pang'onopang'ono. Mphepo ikakula, kapena sitima ikadutsa pafupi, limalira mwamphamvu. Mmisiriyo sangadziwe chimene lidzayimba mawa. Koma mipope ija anaichuna ndi anthu kuti mawu ake agwirizane, kotero kuti funde lililonse, ngakhale libwere bwanji, limapeza njira yokonzedwa kale. Akanaika mipope mwachisawawa, bwenzi pakumveka phokoso lothawitsa anthu. Apa tiona poyera malire a mbali ziwirizi: nthawi ndi mphamvu ndi za nyanja, koma kugwirizana kwa mawu ndi kwa munthu.

Mwayi si chilolezo

Pali ena amene amamva nkhani zotere naganiza kuti tsono chilichonse n'chololedwa. Cage mwini anakana maganizo amenewa. Mu 1964 gulu lalikulu la oyimba ku New York linayimba nyimbo yake yotchedwa Atlas Eclipticalis, imene anaipeka potsata malo a nyenyezi pamapu a kumwamba. Ena mwa oyimbawo anayesa kuti ndi masewera, nayamba kuyimba zawozawo, osatsata zolembedwa. Cage anakhumudwa kwambiri. Kwa iye, kulandira chotuluka pamaere kunafuna kudziletsa kwakukulu koposa kuchita zofuna za mtima.

Apa ndi pamene mmisiri wotere asiyana ndi wotchova njuga. Wanjuga amaponya kuti apindule. Akaluza amakana kuvomera, naponyanso, kufikira ndalama za ufa wa ana zitatha. Sakonza kanthu, ndipo salandira yankho. Mmisiri amakonza zonse zimene angathe, kenaka nalandira chotulukacho ngakhale chisamkomere. Onse awiri agwira makobidi m'manja, koma wina ndi kapolo wa mwayi, wina ndi mwini nyumba amene wautsekulira chitseko.

Chimene mwayi sungathe

Komabe tisatamande mwayi mopitirira. Pali ntchito ina imene sungaigwire. Mafunde a ku Zadar sadziwa ngati wokhala pamasitepe ali pa chikondwerero kapena wangoika mwana wake m'manda. Amalira monga mphepo iwauzira, osasamala za iye. Koma amayi oyimba pamaliro amasankha nyimbo yawo podziwa amene wamwalira ndi amene atsala, ndipo chitonthozo chili m'kusankha komweko. Nyimbo ya mwayi ingatiphunzitse kutchera khutu, ingatidzutse ku tulo ta chizolowezi, koma singatikonde. Chifukwa chake munthu amene angasiyire maere nkhani yofuna chifundo, monga kuweruza mlandu kapena kulanga mwana, sakudzichepetsa ayi. Akuthawa udindo wake.

Yankho la funso lathu

Tsono tibwerere ku funso lathu lija. Cage analemba dzina lake pamwamba pa 4'33", ngakhale mvula ya padenga sanaigwetse ndiye. Anthu atakwiya sanakwiyire mvula, anakwiyira iye, ndipo iye sanakane. Anachita bwino, pakuti ndiye anawaitana, ndiye anayesa nthawi, ndiye anatsekula chitseko.

Lamulo lomweli litikhudza ife tonse. Munthu akayatsa tchire mu Okutobala pofuna mbewa, mphepo n'kutembenuka, moto n'kutentha nkhokwe ya mnansi wake, sangaime pabwalo n'kunena kuti, "Si ine, ndi mphepo." Zoonadi mphepo sanaitume ndiye, koma anadziwa kuti mphepo imatembenuka, ndipo anayatsabe. Momwemonso mlimi amene anagalauza munda wake msanga, nasunga mbewu yabwino, mvula ikagwa pa nthawi yake tisamamuchepse ponena kuti ngwamwayi chabe. Mvula inagwa m'minda yonse, koma inapeza wake wokha uli wokonzeka. Ndipo iyenso asadzitame monga ngati mitambo anaisonkhanitsa ndi manja ake.

Chotero pa chinthu chilichonse chotigwera tiyenera kulekanitsa mbali ziwiri. Mbali ya mphepo tiilandire modekha, popanda kunyada kapena kusaka mnansi woti timunenere ufiti. Koma mbali yathu, ndiyo kukonza, kuyesa malire ndi kusankha nthawi yotsekula chitseko, tiivomere pamaso pa anthu. Tsiku lina mukadzafuna kunena kuti "linali tsoka langa," muyambe mwadzifunsa kuti mono munauluka ndi manja anu kapena ayi, ndipo munautchera pati.