Tsiku Limene Ufulu Anaukhazika Paguwa ku Notre-Dame

Pa 10 November 1793, m'tchalitchi chachikulu cha Notre-Dame ku Paris munasonkhana anthu, koma Misa kunalibe. Pafupi ndi guwa anali atapangapo chiphiri, pamwamba pake n'kuikapo kakachisi. Kenaka anatulukira mayi wina atavala mkanjo woyera ndi chisoti chofiira, mkondo uli m'manja. Ameneyu ndiye ankaimira Ufulu. Kwaya inamuimbira nyimbo yomutamanda, imene anapeka François-Joseph Gossec, mawu ake atalemba Marie-Joseph Chénier.

Gossec sanali mlendo m'nyumba ya Mulungu. Ali mwana ankaimba kwaya m'tchalitchi ku Antwerp, ndipo chomwe chinamutchukitsa ndi Misa ya maliro imene anapeka mu 1760. Luso lomwelo logwedeza mitima ya opembedza ndi limene anabwera nalo tsikuli. Chinasintha ndi wolandira matamando basi.

Kodi ufulu n'chinthu choti munthu angachigwadire?

Anthu a ku France anali ndi chifukwa chokwiyira Mpingo wa Katolika. Unali ndi minda yochuluka, ndipo mlimi ankakakamizidwa kupereka chakhumi, kaya wakolola bwino kaya ayi. Aprotestanti ndi Ayuda anakhala zaka zambiri akuonedwa ngati alendo m'dziko lawo lomwe. Chakhumicho chinathetsedwa mu 1789, Ayuda n'kulandira unzika mu 1791. Mpaka pamenepa, kuimbira ufulu kunali koyenera ndithu.

Zinasokonekera pamene ufuluwo unasanduka chipembedzo, pakuti chipembedzo chokakamiza sichichedwa kupeza ampatuko. Pasanathe milungu iwiri chichitikireni mwambo uja, akuluakulu a mzinda wa Paris analamula kuti matchalitchi onse atsekedwe. Gogo wofuna Misa yake analibenso kopita, m'dzina la ufulu womwewo.

Robespierre, mmodzi wa atsogoleri a boma panthawiyo, sanakondwere ndi zokana Mulunguzi, choncho anayambitsa mwambo wakewake wolemekeza Wamkulukulu pa 8 June 1794. Wopeka nyimbo? Gossec yemweyo. Akatswiri a zoimba anachita kumwazikana m'madera a mzindawo kukaphunzitsa anthu wamba nyimboyo kuti khamu lonse lidzaimbire limodzi. Zokoma kumva, inde, koma masiku amenewo munthu wokhala chete ankakayikiridwa.

Pa 17 July chaka chomwecho, masisitere 16 a ku Compiègne anadulidwa mitu ku Paris. Anapita kokaphedwa akuimba nyimbo zawo za Mpingo, popanda wowalamula. Pa makwaya onsewa, yomwe inaimba mwaufulu weniweni ndi imeneyi. Robespierre naye mutu wake unagwa pa 28 July.

Notre-Dame inafika posanduka mosungiramo vinyo, mpaka inabwezedwa m'manja mwa Akatolika mu 1802. Gossec sizinamukhudze: anakhala mmodzi wa akuluakulu a sukulu ya zoimba ya Conservatoire kuyambira 1795, ndipo anamwalira mu 1829 ali ndi zaka 95.