Kodi Munthu Angadzidalire Payekha?

Amayi anzanga, pali masiku ena amene phokoso, ngongole ndi mikangano zimatitopetsa mpaka timalakalaka kukakhala kutali, kopanda wotifunsa kanthu. Ku Alaska, kumpoto kwa America, kuli anthu amene amakhaladi moyo wotere. Ena ndi eni dziko a mtundu wa Athabascan, ena anachoka m'mizinda mwa kufuna kwawo. Amamanga nyumba za mitengo m'nkhalango za m'mbali mwa mtsinje wa Yukon, kopanda msewu kapena mawaya a magetsi. Amaotha nkhuni zodula okha, ndipo m'nyengo yozizira agalu awo amakoka ngolo zopanda matayala pa chipale, kututa nkhuni ndi madzi.

Moyo umenewu uli ndi phunziro labwino. Munthu amatenga zokhazo zimene akusowa ndipo sataya chinthu mwachisawawa. Koma kodi tinganene kuti sadalira wina aliyense?

Tiyeni tione chakudya cha agaluwo. Kwa zaka zambiri eni ake akhala akugwira nsomba za salmon, kuziyanika pa thandala ndi kuzisungira agalu. Nsombazi zimaswa mumtsinje, zimakakulira m'nyanja yamchere, kenaka zimabwerera kudzaikira mazira. Mu 2020 zinabwera zochepa kwambiri, ndipo mu 2021 boma linaletsa kuzigwira ngakhale zandiwo zokha. Akatswiri amati chimodzi mwa zifukwa zake ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja. Mwini agalu amene sanawononge kanthu anapezeka alibe chowapatsa. Ena anachepetsa agalu awo, ena anathandizidwa ndi chakudya chotumizidwa ndi anthu akutali amene sanawaonepo. Anathawa mizinda, koma utsi wa mizindayo unawatsatira, ndipo thandizo linachokeranso komweko.

M'dera lomwelo munachitika nkhani ina mu 1925. Matenda a pakhosi otchedwa diphtheria anabuka m'tauni ya Nome, ana akumwalira, pamene nyanja inali itaundana moti sitima sizikanafika. Mankhwala ananyamulidwa kuchokera ku Nenana, mtunda wa makilomita 1,085, ndi anthu 20 ndi agalu pafupifupi 150. Ankapatsirana katunduyo usana ndi usiku, ndipo anafika m'masiku asanu ndi theka. Galu wotchedwa Balto ndiye anatchuka chifukwa anamaliza ulendowo, koma Togo, galu wa Leonhard Seppala, ndiye anayenda mtunda wautali koposa. Palibe mmodzi akanatha yekha. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Choncho kukhala kutali ndi anthu si kulakwa, ndipo kukhutira ndi zochepa ndi nzeru. Kulakwa kumayamba pamene munthu aganiza kuti alibe mangawa ndi wina aliyense. Wokhala m'nkhalango ali ndi mangawa kwa galu amene amamukokera nkhuni, ndipo ayenera kumudyetsa ngakhale chaka chitavuta. Ali nawonso kwa mtsinje ndi kwa mnansi wake, ngakhale akhale kutali ulendo wa tsiku lonse. Wa mumzinda nayenso ali ndi mangawa kwa iye, pakuti zimene amawononga zimakapweteka anthu amene sadzawaona.

Pa msonkhano wathu wotsatira, aliyense adzifunse kuti: ndani amandisenzera katundu wanga mwakachetechete, ndipo ndinamuthokoza liti?